Sitima Yomwe Idadikira Sitima

M'mudzi wina, womwe dzina lake tilisunga poopa milandu, mudali mlatho wautali wodumpha chigwa, pomwe msewu ndi njanji zinkagonera mphasa imodzi. Oumanga adasiya lamulo limodzi: sitima ikamabwera, galimoto ziime.

Wosunga lamuloli adali a Kandulu, omwe pachitseko cha kaofesi kawo adalembapo okha kuti Mkulu Wamkulu wa Zipata Zonse Ziwiri. Masana alionse ankavala chipewa, kuimba wezulo, n'kutsitsa mtengo wotchinga msewu. Vuto lidali laling'ono chabe: sitima idasiya kudutsa amuna andevu a lerowa asanabadwe. Zitsulo za njanji tsidya lino ndi tsidya ilo zidatha kalekale. Zina zidasanduka makasu, zina mizati ya khola la ng'ombe la a Kandulu omwewo.

Koma anthu ankaimabe padzuwa. Tomato ankaolera pa lole, odwala ankabuulira m'minibasi.

"Bwana, mwanayu watentha thupi, tiloleni tidutse," adapempha Nachisale tsiku lina, khanda lili kumsana.

"Mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha," adayankha a Kandulu. "Sitima ikakupezani pakati pa mlatho, mudzati Kandulu ndi mfiti."

Kenaka kudamveka kuti a Nduna akubwera kudzakondwerera mbiri ya mlathowo, ndipo sitima idzadutsa. A Kandulu adasoketsa yunifolomu yatsopano. Onse omwe ankawaseka aona polekera! Poti njanji kudalibe, akuluakulu adakweza mutu wa sitima pa chilole chachikulu, a Nduna pambuyo, amayi ovina pambuyo pawo.

Sitimayo italira pafupi ndi mlatho, misozi idalengeza m'maso mwa a Kandulu. Adaimba wezulo, n'kutsitsa mtengo uja pamphuno penipeni pa chilolecho.

"Tsegulani, a Kandulu! Sitima yake ndi yomweyi!" adakuwa mlembi wa a Nduna.

"Ine ndikuona matayala, bwana. Chamatayala chidikire sitima idutse."

Adanyengerera, adaopseza, koma mtengo sudasunthe. A Nduna adakha thukuta mu suti mpaka dzuwa kupendeka, ovina adasasa mawu, chilole chidabwerera chafutambuyo. Mudzi wonse udati basi, za a Kandulu zada.

Sabata isanathe, wailesi idalengeza kuti a Kandulu awakweza kukhala Mkulu wa Njanji Zonse za M'dziko, chifukwa pa zaka zawo zonse palibe sitima ngakhale imodzi yomwe idachitapo ngozi pamlatho wawo.