Chitsiru Chimene Chinkazimitsa Mayeso a Apongozi

Anzanga, ulemu ukachuluka umapweteketsa, ine ndaona. Kwathu ndi ku Dedza koma ndimagwira ntchito pa Boma la Mzimba, pamalo ena ophunzitsira makompyuta. Makompyuta a m'kalasi mwathu ndi zigoba chabe, magalasi ndi mabatani basi. Enieniwo ndi ongoyerekeza, onse amakhala m'mimba mwa chikompyuta chimodzi chachikulu, seva, chimene chili m'kachipinda kanga.

Tsiku limenelo aphunzitsi a m'masukulu ankalemba mayeso okwezera pantchito pa makompyuta athuwo, ndipo pakati pawo panali a Nyatembo a ku Champhira, mayi ake a mkazi wanga, amene anali atangoyamba kumene kundiyankha moni bwinobwino. Kuno mkamwini sangoimaima pamaso pa apongozi, ndiye ndinadzitsekera m'kachipindako, ndati ndisaonekere mpaka aweruke.

Mayeso ali m'kati, pulogalamu yoyang'anira timakompyutato inauma gwa. Kudina apa, zii. Ikanandipweteka chiyani ndikanaisiya? Koma manja oyabwawa! Ndinati ndiizimitse ndi kuiyatsanso yokhayo, paja timakompyutato sitikhudzidwa. Ndinali nditaiwala kuti ndine ndemwe ndinaitchera kuti ikamadzuka izizimitsa ndi kudzutsanso ana ake onse, timakompyuta tija.

Dinu! Kuseri kwa khoma kunamveka "Eeee!" Ine mumtima ndati mayeso awakulira, akanawerenga. Pulogalamu inabwera koma ikutsimphina, ndiye patapita kanthawi ndinaibwerezanso. Ulendo uno kunamveka mipando kukwekwereka ndi mawu a bambo wina, "Vyose vyaluta!" Zonse zapita? Zapita kuti? Munthu wanzeru akanasuzumira pakhomo. Ine ayi, ati ulemu. Ndinapsa mtima, ndikuitukwana seva ngati mbuzi yolowa m'dimba, n'kudinanso kachitatu.

Pamenepo ndinamva mawu amene ndimawadziwa bwino akuyandikira chitseko. Ndinazindikira kuti ntchito yonse imene anthu analemba kuyambira m'mawa ndaipukuta ndine, katatu konse. Ndinagwa pansi kuti mwina ndikwane kuseri kwa tebulo, koma chitseko chinatseguka ndili chogwada, maso pansi.

A Nyatembo anaima, mkwiyo n'kutsikako pang'ono. Anatembenukira anzawo.

"Mwamuona mkweni wane? Ulemu chomene mwana uyu, ngakhale pa ofesi amagwada." Kenaka kwa ine: "Adada, inu mumazidziwa izi. Pali chindere chinachake chikutizimitsira mayeso, ndalemba katatu ine, mbwenu vyose vyaluta. Mundipezere munthu ameneyo, ndimuone nkhope."

Ndikanati chiyani, anthuni?

"Yewo amama, ndimufufuza."

Mayeso anawaimitsa mpaka mwezi wotsatira. Masiku ano sindikhudza batani lililonse ndisanasuzumire m'kalasi, kaya muli apongozi kaya mulibe. Koma tikapita ku Champhira, ndisanakhale n'komwe pansi, funso lawo ndi lomwelo: "Chindere chija mwachipeza?"

Ndimayankha kuti kafukufuku ali m'kati.