Chithunzi changa cha ku damu la Luwawa

Mpaka lero munthu akanditulutsira kamera ndimayamba ndafunsa kuti, “Mukufuna kundijambula ngati chiyani?” Ena amati ndi mwano, koma sadziwa zimene ndinaona ku Luwawa.

Nthawiyo n'kuti ndikugwira ntchito kocheka matabwa, nditangochoka kumene kwathu ku Ntcheu. Loweruka m'mawa ndinkakonda kukakhala pa mwala m'mbali mwa damu, nditadzikuta jasi langa lobiriwira. Nkhungu inkatsika m'mapaini n'kugona pamadzi, tsidya linalo osaoneka. Ine maganizo ankakhala pa Nyatembo, telala wa pa Mzimba boma, amene ndinkamufunsira koma yankho lake linali “tiona” basi.

Tsiku lina ndinamva mawu kumbuyo kwanga: “Ndapota dada, musasunthe!”

Anali a Mkandawire a ku Edingeni, bambo wa imvi, burashi m'manja, bolodi ataliyedzeka pa chitsa. Anakhala zaka zambiri ku Zanzibar akujambula nyanja yamchere n'kumagulitsa kwa alendo. Atakalamba anabwerera kumudzi, koma mtima unatsalira komweko.

“Thupi lanu n'labwino chomene,” anatero mosakaniza ndi Chitumbuka. “Mubwerenso sabata yamawa.”

Chibadwire palibe anayamikirapo thupi langa (ndine wamfupi, wonenepa, khosi ndinachita kumanidwa). Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati nduna.

Loweruka lotsatira ndinabwereka suti kwa kapitawo wathu. A Mkandawire atandiona anapukusa mutu. “Yayi, jasi lomwe lija. Ndipo mundipatse msana. Weramani pang'ono. Mbwenu, basi choncho!”

Munthu wanzeru akanafunsa kuti nkhope ilowa liti. Ine ndinangoti akatswiri ali ndi njira zawo.

Ndisaname, masiku amenewo anali okoma. Iwo akupaka penti ankasimba za madzi obiriwira ngati galasi la botolo, mabwato a matanga oyera akuyenda mwakachetechete, ndi mphepo yonunkhira mchere. Ine maso ali pa nkhungu ndinkaziona zonsezo. Damu linkakula, mapaini n'kusanduka mitengo ya kokonati, Nyatembo atakhala kutsogolo kwa bwato, mpango wake ukuuluka. Nthawi zina ndinkadzidzimuka ndi mkonono wanga womwe.

Kenako ndinakametetsa kuti ndioneke bwino. Mkuluyo anatsala pang'ono kulira. “Tsitsi lija mwalitayiranji? Ndinali ndisanamalize mbali imeneyo!” Apanso sindinatolepo kanthu.

Chithunzicho chinali cha mwini resitihausi ina pa boma, choti akachipachike m'chipinda chodyera. Ine ndinalengeza kuntchito konse. Kwa Nyatembo ndinawonjezera mchere: ndinati katswiri wochokera kunja wayenda Mzimba yense kufuna nkhope, wapeza yanga. Anasiya kupalasa makina n'kundiyang'anitsitsa, ndipo anavomera kudzaona. Anabwera ndi azakhali ake, Nyajere, amene mawu awo ndiwo ankamanga kapena kumasula nkhani za ukwati m'banjamo.

Tinalowa m'chipinda chodyeracho masana, ine patsogolo, suti ya kapitawo ili pathupi. Pakhoma panali nyanja. Yokongola zedi. Mafunde, mabwato awiri, mbalame zoyera, ndipo pakatikati chilumba chobiriwira chotukuka ngati chulu, kumapeto kwake kuli kaphiri kozungulira, mbali imodzi mitengo ya kokonati, mbali inayo mwala wosalala.

“Nanga inu muli pati?” anafunsa Nyajere.

Ndinasuzumira m'mabwato muja. Munalibe munthu wonenepa.

A Mkandawire anafika akumwetulira, n'kundigwira dzanja. “Yewo chomene, dada. Chilumba chimenechi chinali chitayamba kundithawa m'mutu. Nditaona msana wanu mu nkhungu muja, chinabwerera chonse.” Anayendetsa chala pa chithunzicho. “Apa ndi mapewa. Kaphiri aka ndi mutu. Mwala uwu ndi pamene munametetsa paja.”

Nyatembo anayandikira, naloza kanyumba ka asodzi kofolera malata ofiira m'munsi mwa chilumbacho. “Ichi si chigamba chimene ndinakusokererani pa jasi?”

“Ndicho,” anayankha mkuluyo monyadira.

Nyajere anaseka mpaka anakhala pansi, chitenje chili kukamwa. Ophika anatuluka kukhitchini kudzafananiza. Wina anandipempha kuti nditembenuke ndi kuwerama, ndipo (Mulungu andikhululukire) ndinawerama.

Lolemba nkhani inali itafika kale kuntchito, dzina langa litasanduka Chilumba. Koma Nyajere anakauza abale kuti mwamuna wotha kukhala phee pa mwala wozizira osadandaula angathenso kupirira banja. Chaka chomwecho Nyatembo anasiya kunena kuti “tiona”.

A Mkandawire anatisiya kalekale, koma chithunzicho chikadali pakhomapo, chitasuluka pang'ono. Chaka chatha ndikumwa tiyi pomwepo, dalaivala wina wa lole wa ku Tanzania anaimirira patsogolo pake nthawi yaitali, maso ali ndi misozi. Anandiuza m'Chichewa chothyokathyoka kuti chilumbacho amachidziwa, ndi kwawo kwa amayi ake. Analoza pa chithunzipo, paphewa langa lakumanzere, n'kunena kuti agogo ake anaikidwa pamenepo.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze zoona, koma ndinangomupepesa maliro, n'kumuitanitsira tiyi.