Kabudula wa Gofu M'munda wa a Yotamu

Lolemba

Tchuthi chayamba! Sabata yathunthu osagwira fayilo, osamva belu la bwana. Ndadzuka m'mamawa monga mwa masiku onse, ndavala, ndafika pakhomo, kenaka ndakumbuka kuti kulibe kopita. Ndakhala pansi. Ndaimirira. Ndakhalanso.

Mapulani ndi awa. Lachinayi ndipalasa njinga kuchoka pano pa Boma la Dowa kupita kumapiri a Ntchisi, kwawo kwa Esnati. Lachisanu ndikaonekera kwa atsibweni ake, a Yotamu, eni mbumba. Akakati inde, atsibweni anga adzapita kukamanga nkhani ya ukwati. Akakati ayi, basi, Esnati ndam'taya. Ndimam'konda mwana ameneyu, ndilembe pano poti palibe awerenge.

Ndiye sindingapite ngati kakalaliki wamba. Akalaliki ali mbwee. Ine ndipita ngati munthu wa pa holide, woyenda kukaona malo ndi kusewera gofu, monga achitira mabwana. Bwana wathu wakale, posamukira ku Halale, adandisiyira ndodo imodzi ya gofu yokhota kumapeto, ndi kampira koyera kamodzi. M'dengu lake la zinyalala ndidatolamo tsamba la magazini: mzungu ali chilili paphiri, akuyang'ana kutali. Zimene wavala iyezo ndizo ndikufuna.

Kabudula wofika m'mawondo.
Masitonkeni aatali oyera.
Juzi yopanda manja.
Kachipewa kophwathalala.
Nsapato zamitundu iwiri.
Dzanja m'chiuno (ili ndili nalo kale).

Lachiwiri

Kwa a Sandalamu, telala wa pakhonde la sitolo. Akuchiyang'ana chithunzi nthawi yaitali, kenaka akufunsa mtundu wa nsalu. Ine ndidziwa bwanji? Chithunzicho n'chakuda ndi choyera basi. Ati nsalu yamabokosibokosi ngati imeneyo kulibe, imene ilipo ndi khaki. "Khaki salakwa, bambo." Ati pampukutu womwewu adasokerapo anthu a boma a zaulimi, ndipo palibe adabwera kudzadandaula. Ndavomera.

Kachipewa ndazungulira sitolo zonse zitatu, kulibe. A Gelesomu, amesenjala a kuofesi kwathu, andibwereka chisoti chotchinga dzuwa, cha mabwana oyendera midzi. Chikugwera m'maso. Ndapindamo nyuzipepala.

Nsapato ndili nazo zakuda zokha. Ndapaka njereza kutsogolo kwake kuti zikhale zamitundu iwiri. Yauma, ikusenda ndikamayenda, m'nyumba monse muli tizidutswa toyera ngati mwadutsa nkhuku.

Juzi. Mwezi uno ndi Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndaiyesa pang'ono, thukuta kamukamu. Ndaifufuta pamndandanda. Ndailembanso. Mzungu wa pachithunzi sakuoneka kuti akumva kutentha, nanga ine ndine ndani?

Lachitatu

Kabudula watuluka! Mlongo wanga Delifa wam'viika m'sitachi ya chinangwa, wam'sita. Wachita kupyoza muyeso. Kabudulayo akuima yekha pakati pa nyumba, osam'gwira. Ndam'vala: kuima ndikuima bwinobwino, kukhala ayi.

Anthu oyandikana nawo aona njinga ndikuipopa. Akufunsa ngati ku Ntchisi kwagwa zovuta. Ndikuti ayi. Kuli matenda? Ayi, ndikukaona phiri. Ati phirilo latani? Za Esnati sindikuwauza, anthu a pa Boma pano pakamwa ndi posatseka. Mayi wina wandipatsira mchere woti ndikatule kwa mphwake panjira, ati ulendo usapite pachabe.

Masana ndikuyeserera kuseri kwa nyumba. Gofu ndimam'dziwa, ndidam'suzumirapo pampanda wa kalabu ya azungu ku Lilongwe, kumene wakuda amalowa pokhapokha atasenza thumba la wina. Amachita chonchi:

kukumba kadzenje,
kuzikapo kambendera,
kubwerera m'mbuyo uku ukuwerenga mapazi,
kumenya kampira,
kulemba m'kabuku kuti wamenya kangati.

Kambendera ndang'amba pilo yakale, ndamangirira kunsungwi. Kabuku ndili nako, pensulo ili kukhutu. Kampira ndakamenya kamodzi mwa maulendo asanu ndi anayi. Kagwera m'khola la nkhunda za eni ake.

Ndavala zonse kuti Delifa aone. Wandiyang'ana kuyambira kuchisoti mpaka kunjereza. "Achimwene, mukufanana ndi winawake, koma sindikukumbuka kuti ndani." Ndam'onetsa chithunzi. Ati ayi, si ameneyo.

Sindikukhazikika. Ndapopanso njinga.

Lachinayi

Ulendo. Zitunda zokhazokha, kukwera n'kokankha, kutsika n'kopemphera. Kabudula akucheka ntchafu ngati chikwakwa. Masitonkeni anyamuka ali oyera, pofika pamlatho woyamba afiira. Juzi ndaivula, ndaivala, ndaivulanso, ili pakaliyala pamodzi ndi mchere.

Koma abale, zovala zili ndi mphamvu! Lero ndaona ulemu umene sindidauonepo chibadwire.

Azimayi a kumadzi akundipatukira, ena mpaka kulowa m'tchire.
Bambo wina wakhala pamthunzi, wangondiona, wadzambatuka, watola khasu, wayamba kulima dzuwa lili paliwombo.
Pakamsika, amuna akukangana mokweza mawu za chitaganya, ndale zija zophatikiza dziko lathu ndi la ku Halale. Ndaima kuti ndimwe madzi, onse zii. Wina wavula chipewa.
Nkhalamba ina yandithamangira ndi mazira anayi m'kambale, ikuti, "Tikonza, bwana, sabata ino yomwe tikonza." Akonza chiyani kaya. Mazirawo ndalandira, mphatso sakana.

Ndaima pamsonga pa chitunda, dzanja m'chiuno, kuyang'ana kutali monga pachithunzi. Utsi wa lupsa uli tolo, sindikuona kanthu. Ndayang'anabe, kenaka ndalemba m'kabuku kuti ndayang'ana. Potembenuka ndapeza anthu a m'munda wa m'munsi athawa, makasu ali pomwepo.

Mchere ndatula. Mphwake wa mayi uja waulandirira pazenera.

Ndigona kwa mphunzitsi wina, mnzanga wa kusukulu. Iye kulibe, wapita kumaliro, mkazi wake wandiyalira m'kalasi. A Yotamu akadzandiona mawa, sindikukayika.

Lachisanu

Ndafika msanga kwambiri. Mlendo wodzaonekera salowa m'mudzi anthu asanasukusule. Ndidikire. Kudikira sindikutha, miyendo ikuyabwa.

Kunja kwa mudzi kuli malo osalala bwino, otsetsereka pang'ono, mapesi adawatentha kale. Malo a gofu enieni! Ndaganiza kuti ndisewere pang'ono, anthu andionere patali, mbiri ikafike kwa a Yotamu ine ndisanafike.

Ndakumba kadzenje. Ndazika kambendera. Ndabwerera m'mbuyo ndikuwerenga mapazi mokweza, m'Chingerezi. Ndatulutsa kabuku, ndachotsa pensulo kukhutu.

Mbiri yafikadi.

Kumudzi kwamveka zitseko. Mbuzi zikuthamangitsidwa kulowera kuphiri. Mwamuna wina wamtali wadumpha mpanda wa bafa, malaya ali m'manja, walowa m'nkhalango. Ndati kapena kwabuka njuchi.

Kenaka Esnati akubwera chothamanga, wopanda nsapato. Ndaika dzanja m'chiuno. Waima, wandiyang'ana pansi pa chisoti, wagwira pakamwa. "Ndinu? Mayo, ndinu!"

Wandiuza mwachangu, monong'ona. Munda uno ndi wa a Yotamu. Chaka chatha anthu a malimidwe, aja amakakamiza alimi kuunda migula yotchinga madzi, adabwera m'munda womwe uno. Adavala khaki ndi zisoti, adazika timbendera, adawerenga mapazi, adalemba m'kabuku. A Yotamu adakana kuunda, adakagona kundende, chimanga chawo adachizula. Wamtali wadumpha bafa uja ndi iwowo.

Safunsa adadya phula. Tsopano ndam'dziwa amene Delifa amaiwala uja. Ndadziwanso za mazira.

Tsiku lonse ndakhala pakhonde la amake a Esnati, chokhala chopendekeka chifukwa cha kabudula. Chisoti ndabisa kuseri kwa nkhokwe. Atuma anthu kuphiri kukaitana a Yotamu. Ati sabwera, imeneyo ndi nyambo. Atumanso ena. Ati aone kaye ngati galimoto la apolisi silikutsatira.

Ndikuchita manyazi, ndikuchita mantha. Ndaimirira, ndazungulira nkhokwe, ndabwerera. Palibe akundilankhula kupatula kundipatsa madzi.

Loweruka

A Yotamu atsika. Agona kuphiri ndi mbuzi, chisoso chili thupi lonse, mwendo umodzi akukoka. Ndimayembekeza ukali. Ayi ndithu, munthu wofatsa, wamawu otsika, wandipatsa moni ndi manja awiri, wafunsa za kwathu, za makolo, za mpingo. Mtima wayamba kutsika.

Takhala pansi pa mango, iwo, amake a Esnati, ndi anthu ena ongobwera kudzamva. Esnati ali kukhitchini, ndikuona chala chake pampata wa chitseko.

Ndafotokoza zonse. Sindine wa malimidwe, ndine kalaliki wa mafayilo, minda sindiyendera. Izi ndi zovala za holide. Afunsa kuti holide n'chiyani. Ndati ndi pamene munthu apuma ntchito n'kupita kutali kukaona malo. Afunsa kuti akawaona malowo amawatani. Ndati amangowaona. Afunsa ngati ku Dowa mapiri adatha. Ndatulutsa chithunzi, chayenda m'manja mwa onse, chabwerera ndi zala zamafuta.

Nanga dzenje? Nanga mbendera? Ndati ndi masewera. Ati tiyeni mukationetse.

Mudzi wonse kumunda. Ndaika kampira pansi. Ndamenya: dothi. Ndamenyanso: dothi lambiri, lawaza amake a Esnati. Kachitatu ndawerama kwambiri, kabudula wati phwee kumbuyo, msoko wonse. Palibe waseka, ndipo bola akadaseka. Kachinayi kampira kauluka bwino zedi, kapita kutali, kagwera m'chigwembe. Ndayamba kukatsatira. A Yotamu afunsa kuti ndikakapeza ndikatani. Ndati ndikamenyanso. Afunsa kuti kakalowa m'dzenje, ndiye chimachitika n'chiyani. Ndati umakatulutsa.

Angogwedeza mutu, mwaulemu. Tabwerera pansi pa mango, ine ndikuyenda chammbali, juzi nditaikulunga m'chiuno. Pano ndiye yagwira ntchito.

Sadalankhule ndi ine. Atembenukira kwa mlongo wawo, amake a Esnati, mawu otsika omwe aja, koma ndamva onse.

"Uyu akadakhala wa malimidwe, ndikadati ntchito yam'tuma, munthu sakana ntchito. Ndikadam'khululukira. Koma uyu palibe wam'tuma. Anzake akusosa, mvula ili pafupi, iye wapalasa njinga tsiku lonse kudzathamangitsa dzira m'munda mwanga. Mwana wathu ndim'pereke kwa ameneyu?"

Kenaka andithokoza chifukwa chobwera, ati ndikapereke moni kwa atsibweni anga, koma asavutike n'kuyenda, zitunda zachuluka.

Ndiye kuti ndikadangovomera kuti ndine wa boma, mwina zikadayenda. Ndanena zoona, zandiphera ukwati. Andiphera nkhuku, poti mlendo ndi mlendo. Ndangoilawa.

Lamulungu

Amake a Esnati asoka kabudula ndi ulusi wakuda. Kutchalitchi sindipita, ndingasokoneze mapemphero.

Esnati wandiperekeza, akukankha njinga ndi iye, monga achitira ndi mlendo. Tayenda mpaka pamtsinje. Pamenepo waimika njinga, watulutsa kanthu m'chilundu: mpango wobiriwira umene ndidam'patsa ngati chikole tsiku limene adandilola, ku Mvera. Wauchapa, wausita, waupinda kanayi. Wandibwezera.

Ati wawadandaulira atsibweni ake mpaka misozi, amake nawonso ayesa. Akana. Iye sangawapitirire, ndi amene adamulera bambo ake atapita ku Joni osabwerako.

"Mukadangondilembera kalata, n'kundifunsa choti muvale."

Ndafunsa ngati ndingabwerenso chaka chamawa, nditavala thalauza, khasu lili paphewa. Wayang'ana mawondo anga, waseka pang'ono, kusekako kwasanduka kulira. Wandipatsa njinga, wabwerera. Ndaima pomwepo mpaka wabisika m'mitengo. Sadacheuke.

Panjira anthu akundipatukirabe. Ndilibe mphamvu zowauza.

Ndafika dzuwa likupendeka. Delifa wandiyang'ana kumaso, wangonditengera madzi osamba. Mpango ndauika pansi pa sutikesi. Ukununkhira sopo wake.

Mawa ntchito.