Adepu wa Ba Dunstan

Ku Kabwata ndani sadziwa kuti malemu Ba Dunstan, wojambula zithunzi uja, ankadana ndi chithunzi chobisa munthu? Ojambula amakono amafuna kumbuyo kuzikhala mbuu, mwini chithunzi awale yekha. Iwo ayi. Pa kamera yawo panali polembedwa A-DEP, pamene makina amadzisankhira okha kuti chapafupi ndi chakutali zonse zioneke bwino. Anapotolera pamenepo tsiku logula, n'kumatapo selotepi. Ankangoti Adepu, ngati dzina la mlamu wawo.

"Wa kumbuyo nayeve ni munthu," ankatero.

Koma Adepuyo analibe chinsinsi, abale. Mnyamata wina, Amock, anakajambulitsa ku Kabulonga, dera la olemera, atatsamira galimoto yonyezimira, ati atumizire chibwenzi. Chithunzi chinatuluka ndithu: Amock, galimoto, ndiye kumbuyoko ndowa, chisanza ndi mwini galimoto akuloza tayala losatsuka. Chibwenzi chinathera pomwepo.

Yande, mwini saluni ya pamsika, ndiye anapsa mtima koposa. Ankafuna chithunzi chokopera makasitomala, koma m'galasi la kumbuyo kwake munatuluka Ba Dunstan enieni, mimba patsogolo, diso limodzi chotsinzina, lilime kunja.

"Ba Dunstan, nifuna banthu baone tsitsi, osati mimba yanu."

"Uza Adepu, mwana wanga. Ine nenze chabe pa nchito."

Yande anachiponya pansi pa mawigi, ndipo mwezi wathunthu sanawapatse moni.

Ba Dunstan atamwalira, banja linasowa chithunzi choika pabokosi. Munthu wojambula Kabwata yense! Mkazi wawo, Bana Mpundu, anakhuthula masutikesi: maukwati a eni, ubatizo wa ana a eni, mwamuna wawo osaonekamo. Analira kuti adzukulu adzakula osadziwa nkhope ya agogo awo.

Yande atamva zimenezi pamaliropo, anathamangira ku saluni n'kukafukula mawigi aja, n'kubwera nacho chithunzi chija. Bana Mpundu anachiyang'anitsitsa chithunzicho, kenaka anaseka misozi ili mbwembwembwe.

"Ni beve aba. Na lilime kunja."

Anachita kuwadula ndi sizasi Ba Dunstan m'chithunzimo, kuopa kuti pabokosi anthu angayese womwalira ndi Yande.

Lero ku Kabwata aliyense amadzijambula pafoni, kumbuyo kuli mbuu, ngati amakhala yekha padziko. Chotsala cha chithunzi chija chili pakhoma la saluni: Yande yekha, tsitsi lowala, monga momwe ankafunira. Akachiyang'ana mtima umamupweteka, chifukwa maso ake amangothamangira pabowopo.