Denga la bafa langa

Nkhani iyi ndikaikumbukira ndimalakalaka nthaka itandimeza. Koma poti ku Namwera kuno aliyense akuidziwa kale, bola muimve kwa mwiniwakene.

Kunabwera alangizi a zaulimi ndi tabuleti yawo. Akuti mayiko angapo anagwirizana n'kutumiza setilaiti kumwamba, imazungulira n'kumajambula minda kuti aone komwe ng'amba yavuta. Anationetsa msewu, mzikiti, ndi munda wanga wa fodya. Atakuza chithunzicho ndi zala ziwiri, ndinaloza kadontho kena.

"Nanga aka, alangizi?"

"Ndi pakhomo panu pamenepo, Che Saidi."

Bafa langa ndi la udzu, lopanda denga. Ndiye kuti ine ndikamakwecha zidendene ndi mwala, mayiko angapo amakhala akuonerera? Astaghafirullah!

Ndinasiya kusamba. Ndikalowa m'bafa n'kuyang'ana kumwamba, ndimangotuluka osasamba. Ndinayesako ambulera, koma dzanja ili sopo, ili kapu, ambulerayo agwire ndani?

"Abambo a Asiyatu," anatero akazi anga atagwira mphuno, "mawa ndi Ijuma, Lachisanu la mapemphero. Mukalowa mumzikiti ndi fungo limeneli?"

"Simukudziwa inu, mayi. Atiika pa sikirini!"

Linali dzinja, udzu wouma wosapezeka. Nzeru inandibwerera m'mawa mwake: ndinasolola udzu wa m'mbali mwa bafalo n'kufolera pamwamba. Denga lake lothithikana, ngakhale dzuwa osalowa! Ndinavula ndikuimba, n'kuloza kumwamba.

"Jambulani tsopano tione!"

Thovu lili thoo kumaso, ndinamva ndowa ikugwa, khwengwerere! Ndinali nditaiwala kuti bafa langa linayang'ana njira ya kumjigo. Nditapukuta m'maso, ndinaona azimayi ali pamzere, ndipo ngati ine ndimawaona bwinobwino chonchija, iwonso sankavutika. Patsogolo penipeni panali apongozi anga, atadziphimba mpango kumaso, akuthawira m'chimanga.

"Mayo ine! Akamwini!"

Kumzikiti sindinapite tsiku limenelo.

Alangizi atabweranso ndinawadandaulira. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Che Saidi, setilaiti imeneyi siona munthu. Ngakhale ng'ombe siioneka. Kadontho kaja ndi nyumba yanu yonse pamodzi ndi mtengo wa mango."

"Ndiye kuti palibe anandionapo?"

"Kumwamba palibe. Koma kumjigo ndamva kuti chithunzi chinatuluka kiliya zedi."

Anzanga, musanaope diso la kumwamba, yambani mwatseka m'mbali.