Kothera kwa Buku Kunapita ndi Mtedza

Lolemba, 12 Juni

Masamba atsala ochepa. Ndili m'madzi!

Buku langa lapamtima, lachingerezi lonenepa lija, lilibe kothera. Ndinaligula mwezi watha pa Nathenje kwa mayi wokazinga mtedza, atayamba kale kuling'amba chakumbuyo n'kumakulungira malonda ake. Nkhani yake: mtsikana woweta mbuzi waba belu loitanira mvula kwa mfumu yosafa, ndipo chinjoka chamapiko chikumulondola. Zaka zitatu zapitazo, nthawi ya chipani chimodzi, buku lonena za mfumu yosafa ndikanaliwerengera m'chimbudzi. Lero ndikuliwerenga pakhonde mokweza. Matipate, zikomo!

Madzulo aliwonse ndimamasulira mkazi wanga Nabanda, iye akuyamwitsa. Koma womvera weniweni ali kuseri kwa chitseko: apongozi, mayi ake a Nabanda, amene anabwera kuno ku Mitundu kudzathandiza za khanda. Chikwatirireni mwana wawo sitinayang'anizanepo. Tikakumana panjira iwo amapatuka, ine ndimayang'ana mitambo, monga mwa mwambo. Mawu onse amadzera kwa Nabanda. Kale odzera kumeneko anali amodzimodzi: mwamuna wanji wosatha kumanga chigafa cha fodya, wongodziwa choko. Masiku ano ndi akuti, "Afunseni, kodi mwana woweta mbuzi uja wadya?"

Lamulungu apongozi akubwerera kumudzi. Akapita nkhani ili m'malere, ndibwerera pampando wanga wakale wa mkamwini wopanda phindu. Ntchito ya sabata ino: kupeza masamba otsiriza.

Lachiwiri, 13 Juni

Kuweruka kusukulu, njinga, fumbi, Nathenje.

Mayi wa mtedza akundikumbukira: "Si inu munagula mapepala n'kusiya mtedza?" Akuti masamba aja anawapinda kalekale, ali m'dengu osakanikirana ndi ena. Ndikupempha kuti ndingowafunyulula ndione. Akukana, akuti pepala limapita ndi mtedza wake. Ndikugula timitolo tonse tooneka chingerezi.

Zomwe ndapeza kunyumba:
nduna ina ikunyoza nduna inzake, ya m'nyuzipepala zatsopanozi
theka la nkhope ya munthu wopempha voti
mayeso a masamu a mwana wa eni ake, walakwa onse
masamba awiri a buku langa!

Awiriwo satsatana. M'limodzi chinjoka chikulira misozi. Chifukwa chake chaphimbidwa ndi mafuta.

Mtedza wadzaza beseni. Apongozi atumiza mawu akuti zikomo. Aka n'koyamba, ndipo mtima wanga wayera.

Lachitatu, 14 Juni

M'mimba mukulira ngati chigayo. Mtedza.

Nthawi yopuma, pansi pa mtengo umene chiyambireni sukulu yaulere timautcha kalasi, ndikufunsa aphunzitsi anzanga ngati alipo anawerengapo buku limeneli. Palibe. Koma aliyense ali ndi lake loti ndiwerenge m'malo mwake. Ahedi akuti la galamala, lingandithandize. Mayi wa sitandade 2 akuti za zinjoka zili kale m'Baibulo kumapeto, ndipo kothera kwake kulipo. Anamwino oyandikana nafe akundibwereka la chikondi, la dokotala wamtali wosamwetulira. Zikomo nonse, koma apongozi anga akudikira belu la mvula.

Madzulo ndikuwerenga pang'onopang'ono. Tsamba limodzi ndalitafuna mpaka latha kukoma. Mbuzi iliyonse ndaipatsa mtundu, dzina ndi mbiri ya makolo ake.

Lachinayi, 15 Juni

Dandaulo lafika m'mamawa kudzera kwa Nabanda. Akuti mwana uja waima pamtsinje masiku awiri, kodi dziko limenelo lilibe bwato?

Njira yatsopano: chifuwa. Ndikutsokomola kuyambira pageti ya sukulu mpaka pakhomo. Ndikuloza pakhosi, ndikupukusa mutu. Lero kulibe kuwerenga.

Posakhalitsa pakhomo pali kapu. Ndikungoona dzanja likubwerera kuseri kwa chitseko. Mizu yowiritsa, yakuda bii. Nabanda waima pomwepo kuti akapereke umboni. Ndikumwa yonse. Kuwawa kwake ndaona makolo anga! Koma taonani, munthu amene amati sindine kanthu wapita yekha kudambo kukandikumbira mizu. Misozi ikutuluka, ina ya mankhwala, ina ayi.

Chifuwa chachira pompo. Sindingayerekeze kudwalanso.

Lachisanu, 16 Juni

Nathenje kachiwiri. Mayi wa mtedza wakumbukira kuti mpukutu wina anapatsa mlongo wake, mlonda wa pagolosale, woti azipichirira fodya wake wa chingambwe.

Ndikumupeza akuwothera dzuwa. Ndikufotokoza za mtsikana, belu, chinjoka. Akugwedeza mutu mwaulemu. "Aphunzitsi, buku limenelo ndi labwino zedi. Pepala lake silizima, silikanda pakhosi. Mukapeza lina lotere mundiuze."

Pa anthu onse a m'boma lino, ndi yekhayu amene wayamikira buku langa. Nkhondo yonse yomaliza anaisuta sabata yatha.

Kenaka akuvula chipewa, akutulutsa tsamba limodzi lomwe amasungira mawa. Lotsiriza lenileni! Akundipatsa ulere. Mulungu amudalitse, ndi chifuwa chake chomwe.

Ndikuwerenga nditatsamira njinga. Mtsikana ali pamwamba pa phiri, belu m'manja, mfumu ikukwera kumutsata. Pansi pake zilembo zikuluzikulu: nkhaniyi ikupitirira m'buku lachiwiri. Mabuku ake alipo atatu.

Atatu!

Pobwerera tayala laphulika. Ndikukankha, ndipo sindikudandaula, chifukwa kunyumba sindikufulumirirako.

Loweruka, 17 Juni

Palibe kuchitira mwina. Ndipeka ndekha.

Madzulo buku lili chotsegula pamiyendo, maso pa tsamba, pakamwa pakuyenda pokha. Chinjoka chagwa m'nyanja. Mfumu yalapa, yavomera chisankho. Belu lalira, mvula yagwa, chimanga chabereka ziwiriziwiri. Mtsikana wakwatiwa ndi mphunzitsi wa m'mudzimo, munthu wofatsa, wokondedwa ndi apongozi ake. Nabanda akuluma nsalu kuti asaseke.

Ndikutseka buku.

Nabanda akuitanidwa kuseri kwa chitseko. Akubwerera ndi mfundo zitatu. Choyamba, chiyambire kuwerenga lero tsamba silinamveke likutembenuka. Chachiwiri, mphunzitsiyo watulukira kuti, popeza m'nkhani monse munalibe sukulu? Chachitatu, mbuzi. Mwana amene uja sangakwatiwe mbuzi zake zili kutsidya kwa mtsinje popanda woziyang'anira.

Mbuzi zomwe ndinazipatsa maina ndekha Lachitatu! Ndaziiwala zonse.

Ndikupereka tsamba la mlonda kwa Nabanda kuti akafotokoze zonse, za mtedza ndi za chingambwe zomwe. Manyazi andigwira, ndikulakalaka pansi patang'ambika.

Lamulungu, 18 Juni

Titaweruka ku tchalitchi ndikumanga katundu wa apongozi panjinga. Ine patsogolo, iwo kumbuyo patali, Nabanda watsala ndi khanda. Palibe wodzera mawu. Ulendo wonse mpaka pokwerera matola ndikungomva matayala.

Galimoto yafika, katundu wakwera. Iwo aima chondifulatira, akuyang'ana tayala la galimoto. Ndiye ndikumva mawu, osadzera kwa munthu aliyense:

"Apongozi, mabuku enawo mukawapeza musatume munthu. Mubwere nokha kumudzi, khonde lilipo, ndipo chitseko changa n'chopyapyala. Akapanda kupezeka, bwerani ndi bodza lanu lomwelo. Koma mbuzi zija mukazitenge."

Ndayankha kuti zikomo, maso ali kumitambo.

Basi. Kothera sindidzakudziwa. Buku lachiwiri mwina likukulunga usipa kwinakwake, lachitatu wina akulisuta. Chigafa sindidzachitha. Ndakhala pakhonde ndi beseni la mtedza, ndikuganiza mmene ndingawolotsere mbuzi za eni ake pamtsinje wopanda bwato.