Jekete la Mabatani Owala

Lolemba, 19 Novembala
Mwayi wandipeza ndi imvi. Bwana wa thonje akufuna bwalo la gofu padambo la kunyanja lija, Loweruka kukubwera anzake pa sitima. Gofuyo akuti n'kumenya kampira koyera, kukalondola, kukamenyanso mpaka kagwere m'dzenje. Anthu a ndevu zawotu amenewa. Kapitawo wake ndine. Bwalo likakoma, jekete lake la mabatani owala ndi langa. Ndauza kale mudzi wonse, a ku Khombedza omwe amva.

Lachiwiri
Zofunika: maenje naini, chitini m'dzenje lililonse, nsungwi, nsalu zofiira. Kulambula kokha, mizere ayi. Mayi a kunyumba, Anaphiri, abwera kudzaona, manja m'chiuno. "Dothi lakuda chonchi, maenje okumbakumba, osaponyamo kanthu?" Ndawafotokozera za gofu. Angoti, "Ooo." Ooo ameneyo sindikumukhulupirira.

Lachitatu
Mbendera zaima. Kukongola kwake! Uku udzu, uku nyanja, chilumba cha Mbenji patali. Koma kwathu kuno nsalu pansungwi ndiye kuti pali mowa. Masana asodzi afika ndi zipanda, akhala pambendera iliyonse. "Madala, malo naini tsiku limodzi, mwafulula liti?" Sakuchoka. Akuti ndabisa.

Lachinayi
Mvula. Mvuu yayendamo. Maenje tsopano ndi osawerengeka, ndipo ake ndi ozungulira bwino kuposa anga. Timipira tinayi anandisungitsa Bwana: kamodzi ng'azi yameza, titatu nkhuku ya Anaphiri yafungatira. Ikujompha.

Lachisanu
Tsiku lonse kukwirira mapazi a mvuu. Zitini zasowa, maenje anga afotsereka. Ndi mvula, kaya. Anaphiri akuti, "Musakumbenso lero bambo, msana." Zaka zonsezi sanaufunsepo msana wanga. Ndikumba mawa.

Loweruka
Ndafika ndi khasu. Pambendera yoyamba: dzungu, timasamba tiwiri. Yachiwiri: dzungu. Mpaka naini. Kani Ooo uja: Anaphiri anaponya mbewu Lachiwiri lomwelo, pansi pa zitini. Ndakweza khasu, manja akana. Chibadwire sindinazulepo mbewu yomera, ndiyambe lero? Ndiye ndaganiza, kampira kaja kathyola timasambati. Ndatchingira minga bwinobwino, dzenje lililonse mpanda wake.
Azungu afika, makabudula oyera, ndodo m'matumba. Asodzi aja aliponso, akuti azungu sangabwere popanda mowa.
Bwana: "Kapitawo, dzenje lili kuti?"
Ine: "Lilipo Bwana, pansi pa dzungu."
Nkhope yake ndi mbendera, mtundu umodzi.

Lamulungu
Kutchalitchi ndi malaya omwe aja ong'ambika pachigongono. Aliyense akundisuzumira pachifuwa. Wina akuti, "Mabatani akuthobwa m'maso, akapitawo." Ndangoimba nyimbo mokweza.
Pobwerera tadzera kudambo. Maungu onse naini ali moyo, minga yagwira ntchito. Mbendera zatsala zisanu ndi zitatu. Inayo ili kumutu kwa Anaphiri. Ikuwakhala ndithu.